Tchalitchi chathu chakale: chigwe kapena tichikonze?

Mai Nabanda: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya tchalitchi chathu chakale cha Anglican kumudzi kuno ku Nkhotakota. Lamulungu lapitali Misa itatha, akomiti anatiuza kuti ndalama za chitukuko zafika poti tikhoza kuyamba kumanga, ndipo maganizo amene alipo ndi oti chakalecho chigwetsedwe, chatsopano chidzaime pamalo omwewo poti mbali zinazo ndi zotsetsereka. Ine kuyambira tsiku limenelo mtima sunakhale pansi. Ndikudziwa kuti denga likudontha, khoma la kumwera lang'aluka, ndipo pa Khirisimasi ndi pa Pasaka anthu ambiri amapempherera panja. Komabe ndikupempha ana a kuno, kaya muli ku Lilongwe, kaya ku Joni, tikambirane kaye tisanachotse njerwa ndi imodzi yomwe.

Mwale wa ku Joni: Zikomo amayi poyambitsa nkhaniyi. Ine ndinena mosapsatira: chigwe. Nditabwera pa maliro a amalume chaka chatha ndinakhala pafupi ndi khoma lija, mng'alu wake dzanja langa limachita kulowa. Fungo la mileme ndiye losakamba. Kunja chimaoneka bwino, koma paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Dera lathu ndi la zivomezi, akuluakulu mukukumbukira zimene zinachitika ku Salima. Tsiku lina khoma likadzagwera ana a Sande sukulu tidzati chiyani? Ife kuno tikukhetsa thukuta usiku ndi usana kuti titumize kangachepe, ndipo tikufuna tione nyumba ya Mulungu yooneka, ya matailosi, ya mawindo akuluakulu, yokwana aliyense.

Tadala: Ankolo a Mwale, za mileme ndikugwirizana nanu, ife akwaya ndi amene timasesa zitosi Loweruka lililonse. Koma kuimba m'menemuja n'kosiyana ndi kwina kulikonse kumene tinapitako. Sitifuna maikolofoni, mawu amadzaza okha mpaka kukhomo.

Aphunzitsi a Chisale: Mwale mwana wanga, nkhawa yako ndi yomveka. Chivomezi cha mu Malichi 1989 chinagwetsadi nyumba zambiri ku Salima, ndipo ife kuno tinachimva. Koma ndiloleni ndiyambe ndi kumene nyumbayi inachokera, poti achinyamata ambiri pano amangodziwa kuti ndife a Anglican basi.

Mpingo wathu unabwera ndi gulu la amishoni a ku mayunivesite lotchedwa UMCA, limene linayamba ku England kutsatira mawu amene David Livingstone analankhula ku Cambridge mu 1857. Bishopu woyamba, Charles Mackenzie, anakhazika mishoni ku Magomero mu 1861, koma malungo anamutenga kumayambiriro kwa 1862, ndipo otsalawo pambuyo pake anasamukira ku Zanzibar. Anadzabweranso patapita zaka pafupifupi 20, ulendo uno akutsikira kunyanja kuchokera kum'mawa, ndipo mu 1885 anakhazikika pa Likoma. Ndiye ife a kunyanja kuno Uthenga sunatipeze pa msewu ayi, unabwera pa madzi. Kuno ku Nkhotakota mishoni inayamba mu 1894, wansembe wake Arthur Fraser Sim, amene sanakhalitse, anamwalira mu 1895.

Chaka chomwecho cha 1895 ndi chimene chinatisiyira manda aja ali m'tchalitchi cha All Saints pa Linga, m'tauni ya Nkhotakota. Chauncy Maples anadzozedwa ubishopu ku London mu Juni, nanyamuka kubwerera ku Likoma. Pa 2 Sepitembala ali panyanja, cha ku Salima uku, namondwe anagubuduza bwato lawo. Amalinyero a kuno anasambira n'kufika kumtunda, koma iye ndi mnzake Joseph Williams anamira, ndipo zimanenedwa kuti mkanjo wake wa unsembe utanyowa unamulemera. Mtembo wake utapezeka anadzauika kuno ku Nkhotakota. Munthu sanafike ndi pa mpando wake womwe. Matchalitchi a m'midzi ngati chathuchi anatuluka m'mishoni imeneyo, aphunzitsi a kuno akuyenda wapansi ndi pa mabwato, kuyambitsa sukulu pansi pa mtengo, kenaka kachisakasa, kenaka nyumba ya njerwa.

Mwale wa ku Joni: Aphunzitsi, mbiriyo ndi yabwino ndipo ndaphunzirapo. Koma manda a Maples ali ku Linga, sali kwathu. All Saints palibe akufuna kuigwetsa. Chathuchi ndi chaching'ono cha kumudzi, palibe bishopu anagonamo.

Aphunzitsi a Chisale: Apo ndi pamene ndikusiyana nawe. Za azungu zinalembedwa m'mabuku, sizidzatayika ngakhale titagona tulo. Koma za agogo ako amene anaponda dothi, kuumba njerwa ndi kusenza mitengo sizinalembedwe pena paliponse. Umboni wawo wokhawo ndi khomalo. Ukaligwetsa, watsala ndi mbiri ya azungu yokhayokha.

Che Saidi: Pepani ndilowererepo, ngakhale ine ndine wa ku mzikiti. Munandiika pagulu lino chifukwa mayi anga aang'ono ndi a kwanuko, ndipo maliro timaikira limodzi. Aphunzitsi, mukamakamba za 1894 musaiwale kuti tauni ya Nkhotakota inali ya a Jumbe, mafumu achiswahili ochita malonda. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anafika kuno cha m'ma 1840, ndipo ndi amene Livingstone anakumana naye pansi pa mkuyu uja uli ku mishoni mu 1863, kumupempha kuti asiye malonda a akapolo. Sanasiye. Zombo zinkawolotsa anthu kupita tsidya lija, kenaka ulendo wapansi mpaka ku Kilwa, doko la kunyanja yamchere ku Tanzania. Zimenezo ife sitibisa, zinachitika. Komanso ndi nthawi yomweyo imene kunabwera Chisilamu ndi ulimi wa mpunga umene tonse tikudyera lero. Jumbe wachitatu anamwalira mu 1894, wotsatira wake atsamunda anamuchotsa n'kumutumiza ku Zanzibar. Mishoni yanu inamera pakati pa Asilamu, ndipo mpaka lero banja limodzi mumapezeka wa Lachisanu ndi wa Lamulungu.

Chimene ndimafuna kunena ndi ichi. Kumudzi kwathu tinali ndi kamzikiti kakale ka makoma okhuthala. Titapeza thandizo tinakagwetsa, tinamanga wina wokongola. Watsopanoyo ndi wabwino ndithu, koma ana akandifunsa kuti agogo ankaswalira pati, ndimangoloza pansi. Ganizani bwino abale.

Mai Nabanda: Che Saidi, mwalankhula ngati mbale weniweni. Zikomo.

Amisiri a Phiri: Moni nonse. Ndinali pa ntchito, ndangowerenga zonse tsopano. Ine ndalowa m'matchalitchi akale angapo a m'mbali mwa nyanja muno kukakonza, ndipo chathuchi ndinachiyendera mwezi watha amayi a Nabanda atandipempha. Ndinene zimene ndinaona ndi maso.

Choyamba, khomalo ndi lokhuthala, njerwa zitatu m'mimba mwake, pamene ife lero timamanga ndi buloko imodzi. Njerwa zake ndi zowotcha bwino, ukaimenya ndi chipande imalira. Sanamange ndi simenti, anamanga ndi matope a laimu ndi mchenga. Matope amenewa salimba gwa ngati simenti, amalola khoma kusuntha pang'ono osasweka, ndiponso amalola chinyezi kutuluka. Ife timati khoma limapuma.

Chachiwiri, mng'alu uja Mwale akunena sunabwere chifukwa cha ukalamba. Pitani kumbuyo mukaone. Madzi onse a denga la kumwera amagwera pa phazi la khoma, ndipo ngalande imene inalipo inakwiririka kalekale, mwamera udzu ndi kamtengo ka mpoloni. Dzinja lililonse dothi la pansi pa ngodya ija limafewa, ngodya n'kutitimira pang'ono, khoma n'kutseguka. Kuwonjezera apo, zaka zapitazo anapaka pulasitala wa simenti kuchokera pansi kufika m'chiuno, poganiza kuti akuteteza. Simenti ija inatsekera chinyezi mkati. Ndinagogoda ndi nyundo, pakumveka phwaphwa, ndipo pamene pulasitala anagwa yekha njerwa za kumbuyo zikuyoyoka ukazikanda ndi chala. Koma kumtunda kumene simenti sinafike, njerwa zili bwinobwino, ngodya zake zakuthwa.

Ndiye matenda a nyumbayi ndi madzi, ndipo madzi ali ndi mankhwala.

Mwale wa ku Joni: Amisiri, ndikukulemekezani, koma mungatsimikize bwanji kuti mng'aluwo sukupitirira? Moyo wa anthu sitingauike pa kuganizira.

Amisiri a Phiri: Funso labwino achimwene, ndipo yankho lake si pakamwa panga. Pali njira yoyesera. Timamata kagalasi kopyapyala kopingasa mng'alu, malo atatu kapena anayi, pansi, pakati ndi pamwamba, n'kulemba tsiku pambali. Khoma likamayendabe, kagalasi kamasweka. Tikakonza ngalande n'kudutsa dzinja lathunthu magalasi ali osasweka, ndiye kuti ngodya yakhazikika, chatsala n'kusoka. Kusoka kwake timachotsa njerwa zosweka motsatira mng'alu, pang'onopang'ono, n'kulowetsa zamphumphu zolumikiza mbali ziwirizo, ndi matope a laimu omwewo. Kunja tikhoza kuwonjezera chipilala chochirikiza ngodya. Magalasi akasweka, ine ndidzakhala woyamba kunena kuti mbali imeneyo iphwasulidwe, tiyambire pa maziko. Ndipo pakali pano ana asamakhale mbali ya kumwerayo, apo ndikugwirizana nanu kotheratu.

Tadala: Agogo anga ndawawerengera zonsezi, ndiye akuti ndilembe mawu awo. Ndikulemba m'mene akunenera.

"Uwauze kuti ine ndinali kamtsikana pamene ankachotsa udzu kuika malata. Koma makomawo ndinawapeza, anamanga ndi amayi anga ndi anzawo. Amayi ankasimba kuti mudzi uliwonse unali ndi tsiku lake. Amuna kuponda dothi la pachulu ndi kuumba, akazi kutunga madzi kunyanja ndi mitsuko, uvuni ukapsa akazi omwewo kusenza njerwa pamutu ndi nkhata, akuimba. Panalibe wolipidwa. Mitengo ya denga anakadula kuphiri, ankabwera nayo amuna ambirimbiri pa mapewa, kugona panjira. Mkati munalibe mabenchi, tinkakhala pa mikeka, amuna mbali yawo, akazi mbali yathu. Wansembe sankabwera sabata iliyonse ayi, tikamva kuti sitima yaoneka, mwalimu, mphunzitsi wa mpingo, ankaimba chitsulo, anthu n'kusiya makasu kukalapa. Ine ndinabatizidwa pa mwala uja uli pakhomo, ukwati wanga ndi momwemo, ana anga awiri amene anatsogola anatulukira khomo lomwelo. Akafuna kugwetsa adikire ndiyambe ndapita."

Atatero anasiya kulankhula, ndiye ndangolemba pomwepo.

Mai Nabanda: Tadala, uwauze agogo kuti tamva. Lachinayi amayi a Mothers' Union tikatuluka ku mapemphero tidzawazonda.

Aphunzitsi a Chisale: Sitima imene agogo akunenayo ndi Chauncy Maples, imene anaitcha dzina la bishopu womira uja. Anaipangira ku Glasgow, inabwera zidutswazidutswa, anthu n'kuzisenza podutsa mathithi a Shire, ndipo inayamba kuyenda panyanja mu 1901. Inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala nthawi imodzi.

Koma ndikufuna ndiime pa mwala wa ubatizo umene agogo atchula, chifukwa apa ndi pamene kamangidwe ka nyumbayi kamaphunzitsa. Mwaonapo kuti uli pafupi ndi khomo la kumadzulo, osati kutsogolo? Si mwangozi. Munthu amalowa mu mpingo kudzera mu ubatizo, ndiye mwalawo unaikidwa polowera. Kale munthu asanabatizidwe ankaphunzira zaka, ankayamba walandira mtanda, ndipo malo ake anali kumbuyo kuja. Ulaliki ukatha ankatuluka, Ukaristia n'kutsala wa obatizidwa okha. Ukachoka pamwalapo umayenda m'kati mwa nyumba yaitali, yopapatiza, maso ako sangapite kwina koma kutsogolo. Kenaka pali sitepe, malo a kwaya, sitepe ina pogwadira polandira Mgonero, ndiye guwa pamwamba pa zonse. Ulendo wonse wa mkhristu anaumanga ndi njerwa.

Ndipo guwa lili kum'mawa, monga mwa mwambo wakale wa mpingo, kotulukira dzuwa, kukumbukira kuuka kwa Ambuye. Kwa ife kuno kum'mawa ndi kunyanja. Ndiye tikamagwada timayang'ana madzi omwe aja Che Saidi anena, amene anawolotsa abale athu kupita ku ukapolo, omwenso anabweretsa Uthenga kuchokera ku Likoma. Misa ya m'mamawa dzuwa likamalowa pa tiwindo titatu ta kuseri kwa guwa, ine ndimakumbukira zonse ziwiri.

Matchalitchi ambiri atsopano ndi holo ya makona anayi, nsanja kutsogolo, zokuzira mawu m'mbali. Sindikunyoza, Mulungu amapembedzedwa paliponse. Koma nyumba yotero siuza mwana kanthu.

A Gama a komiti: Ndawerenga zonse ndipo ndiyankhe m'malo mwa komiti, kuti pasakhale woganiza kuti tinagona n'kulota zogwetsa. Vuto lathu lalikulu si mng'alu, ndi malo. Mpingo wakula. Pa zikondwerero amene ali panja amachuluka kuposa amene ali mkati, ndipo nthawi ya mvula amayi a ana amabwerera kunyumba. Achinyamata ena akupita ku mipingo ina kumene kuli malo ndi zoimbira. Aphunzitsi, ulendo wa mkhristu umene mwafotokozawo ndi wokoma, koma amene waima padzuwa kunja sauona. Ndalama zilipo ndi za nyumba imodzi, sitingathe kumanga chatsopano kwinaku tikusamala chakale. Tiuzeni chochita ndi anthu, osati ndi njerwa zokha.

Mwale wa ku Joni: Ndi zimenezotu a Gama. Mwandilankhulira.

Amisiri a Phiri: A Gama, nkhani ya malo ili ndi njira yake, ndipo si yachilendo. Amene munafikako ku Likoma mukudziwa kuti tchalitchi chachikulu cha St Peter's ukaiyang'ana kuchokera pamwamba ndi mtanda: thunthu lalitali ndi mikono iwiri. Chathuchi ndi thunthu lokha. Tikhoza kutsegula makoma a m'mbali pafupi ndi malo a kwaya, n'kumanga mikono iwiri, wa kumpoto ndi wa kumwera. Wa kumwerawo ugwera pomwe pali mng'alu, ndiye mbali yodwalayo ndi imene tichotse, ndipo makoma atsopanowo adzagwira ntchito yochirikiza akalewo. Okhala m'mikonomo adzaona guwa pafupi kuposa okhala kumbuyo. Kumadzulo tikhoza kuika khonde lalikulu la denga, la amayi a ana.

Potsegula pake sitiika chitsulo ndi konkire ayi, tipinda uta wa njerwa ngati mmene anachitira pa khomo ndi pa mawindo. Kayang'anitsitseni khomo lija. Palibe chitsulo ngakhale chimodzi. Anakhoma chikombole cha matabwa chokhota, n'kuyala njerwa kuchokera uku ndi uku mpaka kukumana pamwamba, yapakati n'kukhoma ngati mphero. Akachotsa matabwa, kulemera kwa khoma ndi kumene kumazigwira, ndipo zaka zonsezi silinasunthe. Anyamata amene ndikuwaphunzitsa ntchito sanapindepo uta, ndingakonde aphunzirire pamenepa.

A Gama a komiti: Nanga mtengo wake? Chifukwa zokongola zimadula.

Amisiri a Phiri: Mitengo yeniyeni ndidzalemba ndikayeza, sindikufuna kuponya nambala pagulu. Koma taganizani zimene simugula: maziko a nyumba yonse, makoma awiri aatali, ndi mitengo ya denga. Ndinakwera kudenga ndi tochi. Mitanda ikuluikulu ija ndi mlombwa, chiswe chinangolawa kunja n'kusiya, msomali sulowa. Imene yadyeka ndi ing'onoing'ono yokhomerapo malata imene anaika pambuyo pake. Mlombwa wa msinkhu umenewo lero muupeza kuti? Ndipo musaiwale kuti kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga akuletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa nyumba zikuluzikulu, pofuna kuteteza mitengo. Chatsopano chidzakhala cha mabuloko a simenti, ndipo mtengo wa thumba la simenti mukuudziwa nokha. Njerwa zakalezo zikagwetsedwa ndi makina ogumulira, ntchito yake imakhala imodzi: kuziphwanya n'kuthira pansi pa konkire.

Mai Nabanda: Njerwa zimene anasenza amayi awo a agogo aja, tiziponde ndi mapazi pansi pa matailosi? Ayi abale, pamenepo ine sindingavomere.

Tadala: Amisiri, nanga kutentha? Ankolo a Mwale anati akufuna mawindo akuluakulu, ndipo anzanga ambiri amati mkatimo ndi mwamdima.

Amisiri a Phiri: Mwana wanga, lowa m'menemo mwezi wa Okutobala masana, kenaka ukalowe m'nyumba ya mabuloko ya denga lalifupi, udzandiuze. Amene anamanga ankaidziwa nyanja. Khoma lokhuthala limachedwa kutentha. Mawindo ndi opapatiza kuti dzuwa lisalowe lambiri, denga ndi lalitali kuti mpweya wotentha ukwere, ndipo pansi pa denga anasiya timabowo m'njerwa kuti utulukire. Timabowo timeneto ena anatitseka ndi matope poletsa mileme, n'chifukwa chake masiku ano mukumva kutentha, chonsecho mileme ikulowabe pa malata obooka. Titsegule, tiikemo sefa wa waya. Za mdima, makoma akapakidwa njereza mkati mumawala, ndipo mababu a sola alipo. Penti wa mafuta yekha ndiye ayi, ameneyo amatseka khoma ngati simenti yomwe.

Che Saidi: Za njereza amisiri akunena zoona. Akuluakulu athu ankapaka chaka ndi chaka Ramadani isanayambe, nyumba zinkakhala zaka.

Aphunzitsi a Chisale: Poti amisiri atchula Likoma, ndionjezepo pang'ono. St Peter's anayamba kuimanga mu 1903, wojambula mapulani ndi kuyang'anira ntchito anali Frank George, ndipo anaimanga pa Chipyela, malo amene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 100, pa chilumba chopanda msewu wochokera kumtunda. Koma manja amene anaswa miyala ndi kuyala anali a anthu a pa Likoma pomwepo, ndipo amisiri amene anaphunzira pamenepo ndi amene anafalitsa luso lopinda mauta m'mbali mwa nyanja monse. Mukaona khomo lathu lija, mukuona mdzukulu wa Likoma.

Ndiponso mpingo uwu unasiya kalekale kukhala wa azungu. Leonard Kamungu, mwana wa kunyanja, anadzozedwa unsembe mu 1909, napita kukalalikira ku Msoro m'dziko la Zambia kumene anamwalira mu 1913, ndipo sukulu yathu ya ansembe ku Zomba ili ndi dzina lake. Josiah Mtekateka wa ku Likoma anakhala bishopu woyamba wachimalawi mu 1965, ankakhala kuno ku Nkhotakota, ndipo dayosizi ya Lake Malawi itakhazikitsidwa mu 1971 iye ndiye anali bishopu wake woyamba. Pambuyo pake anabwera Peter Nyanja. Ambiri a ife a imvi manja amene anatisanjika pa chilimbitso ndi a anthu amenewa, titagwada pa sitepe ija ya njerwa imene yatha pakati chifukwa cha maondo.

Tadala: Kusukulu tinaphunzira kuti kuyambira 2011 Nkhotakota ili pa mndandanda wa bungwe la UNESCO wa malo oyembekezera kuzindikiridwa ngati ofunika pa mbiri ya dziko lonse lapansi, pa nkhani ya njira za akapolo ndi maulendo a Livingstone. Alendo amene amabwera kudzaona mkuyu ndi All Saints, ena akhoza kufika ndi kwathu kuno tikakhala ndi choonetsa. Ine ndi anzanga a kwaya tikhoza kujambula nyumba yonse ndi mafoni, ngodya iliyonse, komanso kujambula mawu a agogo onse amene atsala, tisanachedwe.

Mwale wa ku Joni: Tadala, zojambulazo chita, ndikutumizira ya bandulo. Koma za alendo tisadalire, ife tikumanga nyumba yopemphereramo, si yoonetsa azungu.

Aphunzitsi a Chisale: Pamenepo Mwale wanena zoona. Tikachisunga, tichisungire ana athu.

A Gama a komiti: Maganizo a mikono iwiri sitinawaganizepo ku komiti, ndipo ndikuona kuti ndi oyenera kuwatengera ku msonkhano. Koma ndinene zinthu ziwiri. Choyamba, kaya tigwetsa kaya tikuza, nyumba ya mpingo sitingaikhudze popanda kudziwitsa abambo wansembe ndi ku dayosizi, ndiye zimene tikukamba pano ndi maganizo chabe. Chachiwiri, ntchito ikadzayamba tidzapempherera kuti? Kumanga mbali anthu ali mkati ndi ngozi.

Mai Nabanda: Pansi pa mtengo wa mango paja timachitira Sande sukulu. Ikakhala ntchito ya chilimwe palibe vuto. Amayi tidzamanga chisakasa cha guwa, mikeka tili nayo.

Amisiri a Phiri: Ndipo iyenera kukhaladi ya chilimwe. Matope a laimu amauma pang'onopang'ono, amafuna kuwaza madzi ndi kuphimba ndi masaka, safuna kuthamangitsa. Komanso pamafunika laimu womangira, osati uja wothira m'munda, ndidzakusonyezani kusiyana kwake. Chaka chino tichite zitatu zokha: ngalande, malata obooka, ndi magalasi oyesera aja. Zimenezi sizidya ndalama za chitukuko kwenikweni.

Mwale wa ku Joni: Ine sindinasinthe maganizo kwathunthu, ndinene poyera. Ndimaopabe khoma lija, ndipo ndaona nyumba zambiri zokonzakonza zimene zimadya ndalama kuposa kumanga yatsopano. Koma mawu a agogo andikhudza, ndipo za mikono iwiri zikumveka. Pempho langa ndi limodzi. Amisiri a Phiri ndimawakhulupirira, koma pabwerenso injiniya wa zomangamanga, munthu wapadera wopanda mbali, adzaone maziko ndi mng'aluwo, alembe pa pepala. Ndalama ya ulendo wake tisonkha ife a kuno, ndalankhula kale ndi anzanga awiri. Akadzati nyumbayo ndi yoopsa, aphunzitsi ndi amayi mudzavomere.

Amisiri a Phiri: Abwere, ndidzamugwirira makwerero ndine. Maso awiri amaposa limodzi.

Aphunzitsi a Chisale: Ndavomera. Koma akhale woti anagwirapo nyumba zakale za laimu, chifukwa wozolowera konkire yekha akangoona mng'alu amalemba kuti igwe. A Gama, ku dayosizi angathe kutilozera woyenera, ndiponso a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ndi zipilala amapereka uphungu pa nyumba zoterezi. Muwalembere.

Ndipo chinthu chimodzi ndikupempha chilembedwe mu mfundo za msonkhano: zivute zitani, khoma la kum'mawa ndi tiwindo take titatu, khomo la uta, ndi mwala wa ubatizo zisasunthe.

A Gama a komiti: Ndalemba zonse. Ndikaonana ndi abambo mawa madzulo, ndipo nkhaniyi ilowa pa msonkhano wa akhristu onse Lamulungu likubwerali Misa ikatha. Amene muli kutali tumizani maganizo anu kwa ine lisanafike Loweruka, ndidzawawerenga pamaso pa anthu monga mwalembera. Kuyambira Lamulungu lomwelo mabenchi a kumwera tiwasuntha, ana azikhala kumpoto.

Che Saidi: Tsiku lokumba ngalande mundiuze. Ndili ndi wilibala ndi mapiki awiri, ndibwera ndi anyamata anga.

Amisiri a Phiri: Loweruka m'mawa, abambo akavomera. Achinyamata mubwere ndi makasu ndi mafosholo, ngalande tiyambira ku ngodya ya kumwera kutsikira kumunsi. Kamtengo kaja tidula, koma mizu yake musazule ndi mphamvu, yalowa m'maziko, ndidzachotsa ndekha. Ndipo chonde, wina asayambe kugumula pulasitala wa simenti uja ndisanafike, amachoka ndi nkhope ya njerwa ukamukoka molakwika. Tadala, ubwere msanga ujambule khomalo tisanaligwire.

Tadala: Ndifika 6 koloko, amalume.